Mawaya a Mlongoti

Lolemba, 11 Julaye 1977
Atcheya a chipani andipeza padoko la Kachulu. Akuti Lachinayi boti langa likatenge amayi ovina ku chilumba cha Chisi, kuli msonkhano kuno. Ndati mlongoti ukugwedera. Iwo, "Ukugwederawo ndi mlongoti kapena mtima wanu?" Ndangoti tipita.

Lachiwiri, 12 Julaye
Tsiku lonse pa mawaya ogwira mlongoti, ine ndi alamu anga a Sumaili. Tikakunga wakumanja, mlongoti ukupendekera komweko. Tikakunga wakumanzere, thabwa lomwe wagwirapo likulira. Lafumbwa mkati, chikhadabo chikulowa.

Alamu akuti kungani mpaka waya alire ngati banjo. Ndati thabwa lizuka. Akuti mukalekerera, mlongoti uzikwapuka ndi mafunde mpaka kuthyoka. Zoona zonse. Takunga pang'onopang'ono, uku kenako uko. Sindinakhutire.

Lachitatu, 13 Julaye
Mwera wayamba. Mkazi wanga Mariya wandifunsa ngati ndingamukweze iyeyo ndi ana m'botimo. Ndabwerera kukaonanso mawaya.

Lachinayi, 14 Julaye
Tonse tili moyo. Zina ndilemba mawa.

Lachisanu, 15 Julaye
Za dzulo. Kupita tinapita bwino. Pobwerera boti lodzaza, amayi ndi ng'oma zawo, mwera ukuwomba kuchokera kumanzere. Pakati panyanja waya wakumanja anangoti lende, katundu yense ali pa wakumanzere. Ndinaona bawuti ikutuluka m'thabwa. Pamutu pa amayi, mlongoti uli pafupi kugwa!

Ndinakuwa kuti tsitsani thanga. Alamu, "Tichedwa, atimanga!" Ndinatsitsa ndekha. Nyimbo zinatha. Mayi Estere, otsogolera gule, anavula chitenje cha chipani, kuchipinda bwinobwino, n'kuyamba kukapa madzi ndi mbale. Tinakankha ndi nsungwi mpaka padoko. Tinapeza msonkhano utabalalika kale.

Lero uthenga wabwera: mawa ndikaonekere kwa atcheya. Alamu akuti akudwala m'mimba.

Loweruka, 16 Julaye
Mariya wandikonzera bulangete ndi malaya ena, mwina nditsekeredwa. Kwa atcheya ndapeza anyamata achipani awiri pakhomo, galimoto itaima pambali. Atcheya, "Ndani anakuuzani kuti mutsitse thanga?"

Ndisanatsegule pakamwa, kumbuyo kwanga kwamveka mawu. "Ndife, bambo." Mayi Estere, ndi amayi onse a ku Chisi, miyendo matope okhaokha. Abwera pa mabwato m'mawa. Akhala pansi pabwalo, akuti ngati ine ndikwere galimotoyo, iwonso akwera nane onse.

Atcheya awayang'ana nthawi yaitali. Kenako atuma mnyamata kukatenga mipando.