Buku la fizikisi ndili nalo kuno ku Lobi

Lachitatu madzulo. Kwazizira tsiku lonse, ndipo ndakhala ngati mbuzi ya pachingwe.

Amalume tinawaika m'manda Lolemba. Ndimati ndibwerere ku yunivesite dzulo, koma amayi aakulu anandikaniza. Akuti, "Iwe Tiyamike, ungachoke bwanji tisanamete? Si amalume akowa anakulera? Ukufuna anthu atinene?" Mwambo wometa uli Loweruka. Mayeso a fizikisi ali Lachisanu.

Chikundiwawa kwambiri ndi bukuli. Ndi limodzi lokha, timawerenga mosinthana ndi anzanga a m'kalasi. Uthenga wa maliro unandipeza lili m'chikwama, ndinangonyamuka nalo osaganiza. Lero Chisomo, amene ndimagona naye chipinda chimodzi, waimba foni kuti ndijambule masamba a zamagetsi ndiwatumizire. Ndakwera kaphiri ka kuseri kwa tchalitchi kusaka netiweki. Chapita chithunzi chimodzi chokha, nachonso chosawerengeka. Chisomo wangoti, "Usadandaule, tiona." Ndikumudziwa ine, wakwiya.

Masana ndinabisala kuseri kwa nkhokwe kuti ndiwerengeko. Ndinali pa mutu wonena kuti chinthu chimene chaima sichisuntha pokhapokha china chichikankhe. Ndisanamalize tsamba, amayi anandiitana kuti ndikatunge madzi osamba alendo.

Pobwera ku mjigo ndaganiza za anthu onse a pakhomo pano, kufunafuna woti angandilankhulire. Amene akanadzuka n'kunena kuti, "Musiyeni mwanayu apite kusukulu," ndi amalume omwewo.