Ndege Siima ku Ngungu

Ngungu, Kabwe
12 Juni 1978

Mwana wanga Zacheus,

Moni kwa iwe, apongozi ndi ana. Akundilembera ndi a Simeon poti maso anga atha, koma mawu ndi anga.

Kuno kwazizira. Amayi ako sakufikanso kutchalitchi, ansembe ndiwo amabwera kunyumba. Lachitatu anabwera ndi mafuta odzozera odwala.

Ukuti tibwere ku Blantyre tidzaone nyumba yako. Anzanga akumgodi ndawauza, asirira. Ukutinso pa basi yodzera ku Chipata ndi masiku awiri, koma pa ndege, kuchoka ku Lusaka kukatera ku Chileka, ndi ola limodzi. Mwana wanga, amayi ako ngakhale ku Lusakako sangafike.

Sindinakupemphepo kanthu. Ndangofunsa a Simeon ngati ndegeyo imabweranso kuno. Akuti yochokera kwanuko imatera ku Lusaka Loweruka.

Ndine bambo wako,
Stanislaus Mvula