Tadala wanu akusambira m'madzi ozizira

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Ife kuno ku Glasgow tilipo, kungoti kuzizira kwa chaka chino kwatikhaulitsa. Dzuwa limangosuzumira pang'ono masana, basi lapita. Bondo langa lija limadandaulabe ndikamakwera masitepe kunyumba ya okalamba ku Springburn kumene ndimagwira ntchito, koma ndikuyenda.

Kumudzi ku Dedza ali bwino. Mpongozi wanu, mkazi wa Limbani, anachira bwinobwino, ndi mwana wamwamuna, ndipo pa chithunzi ndaona kuti watenga makutu a abambo athu. Kachewere anabereka bwino chaka chatha, chimanga nacho akuti chikuoneka. Denga la khitchini yanu ndi limene linasasuka ndi mphepo. Limbani akuti akonza mvula ikatha, koma mukumudziwa mwana wanu, mawa lake silifika.

Nkhani imene yandikhazika pansi lero ndi ya mdzukulu wanu Tadala. Munamusiya akugwa ndi kanjinga ka ana, pano ndi namwali wa ku yunivesite. Amachita mpikisano umene sindikudziwa ngati mungaukhulupirire. Amayamba ndi kusambira m'nyanja, akavuuka osapuma n'komwe akwera njinga mtunda wautali, akatsika njinga ayamba kuthamanga. Zonsezi tsiku limodzi, Amayi, popanda womuthamangitsa.

Mipikisanoyi imachitika kukafunda, ndiye ine ndinkati nyengo yozizira ino mwana apuma. Ayi ndithu. Njinga waimangirira pachitsulo pabalaza pathu ku Govan, tayala lakumbuyo lili m'malere, ndipo amapalasa thukuta lili kamukamu. Inu mukanaseka mpaka kugwira nthiti: njinga yosanyamula makala, yosanyamula thumba la chimanga, yosafika ngakhale pakhomo. Akatsika apo amakathamanga m'mbali mwa mtsinje, mvula ikumuwaza, koma pang'onopang'ono ngati alibe kofulumirira. Nditamufunsa anati mphunzitsi wake amawauza kuti miyezi ino ndi yomanga thupi mofatsa, liwiro libwera lokha. Ndinakumbukira inu mukusosa m'munda mu Okutobala, fumbi lili koboo, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe. Munkati wokolola ndi amene analima kukutentha. Zimenezo ndinazimvetsa, ndipo ndinasiya kumuseka.

Za madzi ndi zimene sindinkafuna kuzimva. Chifukwa chake mukuchidziwa. Chiwatengereni mtsinje wa Linthipe achimwene anga Yohane, munalamula kuti mwana wanu asadzalowenso m'madzi opitirira m'maondo. Munkati, "M'madzi mulibe chogwira." Ine ndinamvera, mpaka lero sindidziwa kusambira. Tadala anaphunzira kusukulu, ndipo ndinalola chifukwa ndi m'damu la m'nyumba, lokhala ndi makoma ndi mlonda wake. Koma kukaonerera sindinapiteko. Ngakhale pa mipikisano yake ndinkafika dala mochedwa, atakwera kale njinga.

Tsono mpikisano wake woyamba chaka chino udzakhala m'nyanja ina ya m'mapiri, madzi asanafunde, ndipo thupi liyenera kuzolowera kuzizirako kudakali pano. Lamulo lawo ndi loti munthu salowa yekha, wina azikhala pagombe. Mnzake amene ankamudikirira anasamukira kutali, choncho anapempha ine. Ndinakana, ndinakalipa, ndinatchula ndi dzina lanu lomwe. Iye sanatsutse. Anangopitiriza kulongedza chikwama chake, nanena m'Chingerezi chake chija chakuno kuti ngati sindipita, apita yekha. Makani amenewo ndikudziwa kumene anawatenga, Amayi, ndipo si kwa ine.

Ndinapita, mtima uli m'mwamba. Tinafika kunyanjako m'mawa Loweruka. Mapiri onse anali mbuu ndi chipale chofewa, udzu ukuthyoka kuphazi ndi chisanu, madzi akuda bii, ali zii osagwedezeka. Tadala anavala chovala chake chalabala chothina thupi lonse, namangirira m'chiuno chibaluni chofiirira choti ndizimuonera. Ntchito yanga inali kuyang'ana chibalunicho osaphethira, foni ili m'manja, ndi kukupiza chitenje changa nthawi yake ikakwana.

Madzi atamufika m'chifuwa anabanika, ndinamva ndili pamtunda. Koma mwanayo sanathawe, sanaphiriphithe. Anaima pomwepo, akupuma, akupuma, mpaka mpweya unamubwerera. Kenako anaviika nkhope, nayamba kupita.

Amayi, ndinayamba ndi pemphero, koma pakati pake ndinaiwala mawu. Mkono uwu ukutuluka, uwo ukulowa, mwakachetechete, madzi akumupatsa njira. Pansi pa mapiri aakulu aja panali kanthu kamodzi kokha koyenda, ndipo kanthu kameneko ndinakabala ndine, munthu woopa ndi chithaphwi chomwe. Mantha analipo, sindinama, koma pamwamba pake panabwera china chimene sindinachimvepo ngakhale m'tchalitchi. Ndinadabwa ndi mmene Mulungu anaumbira thupi la munthu. Ndinalira, misozi n'kumazizira pamasaya.

Nditakupiza chitenje anatembenuka nthawi yomweyo. Apo m'pamene ndinadziwa ntchito yeniyeni ya munthu wa pagombe. Kani kuzizira kumaluma kwambiri munthu atavuuka. Milomo inali itachita buluu, zala zitauma, zipi yomwe samatha kuigwira. Ndinamusenda chovala chija, ndinamupukuta, ndinamuveka majuzi, masokosi ndi chipewa, n'kumukulunga m'chitenje. Kapu ya tiyi ndinamugwirira pakamwa chifukwa manja ake ankataya. Kuntchito ndimaveka makolo a eni tsiku ndi tsiku, koma mwana wanga ndinali ndisanamuveke chichokereni ku sukulu ya mkaka.

Ali m'manja mwangamo, mano akugundana, anandiyang'ana. Mwana amene ndikamulankhula Chichewa amayankha Chingerezi, anafunsa m'chilankhulo chathu, "Amayi, mwandiona?"

Ndinati, "Ndakuona, mwanawe. Ndakuona yense."

Anangotsamira paphewa langa mpaka kunjenjemera kunatha. Ndinazindikira kuti funso limenelo lakhala pakhosi pake zaka zonsezi.

Choncho lamulo lanu lasweka m'manja mwanga, Amayi, ndipo ndati mumve kwa ine ndemwe. Sindikukutsutsani. Munaika m'manda mwana, ndipo munatiteteza mmene munkadziwira. Koma ndakhala ndikuganiza za tsiku lija. Achimwene anapita kumtsinje okha, mozemba, poopa kukalipiridwa, ndipo pamtunda panalibe munthu woti n'kukuwa. Tadala sindingathe kumuletsa madzi. Chimene ndingathe ndi choti asadzapiteko mozemba.

Ndapempha kale kuntchito kuti Loweruka m'mawa asamandiike pa shifiti mpaka kutafunda. Ndikukulonjezani kuti nthawi iliyonse imene mdzukulu wanu adzalowe m'madzi, ine ndidzakhala chilili pamtunda, maso ali pa iye, mpaka atavuuka. Mupereke moni kwa abambo ndi kwa achimwene a Yohane kumene mukupumulako. Ndimakukondani, ndipo ndakusowani.

Ndine mwana wanu,
Esinati