Miyala ya pa Aloni Bakuti

Lolemba, 23 Novembala 1998, Bukaresti

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Kuzizira kolasa m'mafupa. Bambo pakati, ine kumanzere, achimwene a Izu kumanja, kunja kwa mpanda wa manda athu a Chiyuda, patsinde pa mtengo wathundu. M'dzenjemo Mayi Profira, mlezi wathu. Anali Mkhristu, ndiye mkati mwa mpanda sakanagona, ndipo kwawo kunalibe wowalira. Bambo anati: "Pano ndi pa Aloni Bakuti. Aloni ndi thundu, bakuti ndi kulira. Yakobo anaika Debora, mlezi wa amayi ake, pansi pa mtengo wotere kumunsi kwa Beteli. Wantchito chabe, koma malo anatenga dzina pa misozi yomulira." Aliyense anaika kamwala pamtumbira, monga timachitira ndi akufa athu.

Lero kalata ya Roza, msuweni wanga. Komiti ya sunagoge wakwathu yapereka malowo kuti paziima mabasi a alendo, ndipo mtengowo audula. Wapampando wake ndi a Izu.

Lachitatu, 25 Novembala

Roza pa foni. Wandiwerengera chikwangwani chatsopano: "Aloni Bakuti, pamene onyamula maliro ankapumulira." Bodza lamkunkhuniza. Dzinalo limapezeka kamodzi kokha m'Malemba onse. Si la mfumu, si la nkhondo, si la anthu otopa ndi bokosi. Ndi la mlezi.

Mtanda wamatabwa unaola kalekale. Miyala antchito akokola ndi fosholo, ati zinyalala.

Mayi amene ankatiyatsira mbaula pa Sabata, tsiku limene Myuda sayatsa moto, ife tili m'mabulangete. Amene ankadziwa kusiyanitsa mphika wa nyama ndi wa mkaka, monga lifunira lamulo lathu, kuposa Amayi eni ake. Amene ankawazembetsera a Izu mamaliga, nsima yakwathu, wotentha ndi tchizi Bambo akawamana chakudya. Lero mabasi pamwamba pawo.

Lamlungu, 29 Novembala

A Izu ndawalembera kalata ya masamba anayi. "Achimwene" ndafufuta, ndaika "A Wapampando".

Zaka khumi ndi chimodzi osalankhulana, chiikireni Amayi. Ndinafika mochedwa tsiku lija, dothi atathira kale, iwo n'kunena pagulu: "A Pulofesa amalira papepala, ife timakumba manda." Makalata awo awiri a chaka chino ali m'kabati. Sindinatsegule, ndipo sinditsegula.

Lachiwiri, 1 Disembala

Tsiku lonse ku laibulale, ngati kuti mabuku angaimitse macheka. Pamene panali mtengo wa Yakobo palibe akudziwa bwinobwino. Aphunzitsi ena akale amati kulira kunali kuwiri: Yakobo ali pamaliro a mlezi, uthenga unamupeza woti amayi akenso amwalira. Bambo sanatiuze zimenezo.

Mwina unasowa chonchi, mtengowo. Kunapezeka wapampando wina wofuna malo.

Roza akuti thundu lathu adula pa 9 Disembala. Chakudya sichikulowa. Tiyi basi.

Lachinayi, 3 Disembala

Foni m'mawa. A Izu. Moni panalibe. "A Pulofesa, kulemba mumatha, koma kuwerenga kunakukanikani eti?"

Ati komiti inawagonjetsa pa voti, anayi kwa mmodzi. Chikwangwani analemba wina. Injiniya wa tauni anawauza kuti popanda mwala wamanda kapena pepala saimitsa ntchito, pokhapokha patapezeka mboni ziwiri zimene zinaona malirowo ndi maso. Mboni ziwiri, ngati lamulo lathu lomwe.

Ndatsegula kabati foni ili kukhutu. Kalata ya Meyi ndi ya Ogasiti, mawu ofanana: "Bwera, Mendel. Amene tinalipo tatsala awiri."

Ndinafunabe kukalipa. Ndinafunsa za miyala. Ati ili m'ndowa kukhitchini kwawo, anatola okha pamulu wa zinyalala. "Ukuganiza kuti inkagwa ndi mvula? Chaka chilichonse ndimaika iwiri, wanga ndi wako, waulesi iwe."

Kalata yanga ya masamba anayi akuti ayatsira mbaula. Inayaka bwino, ati.

Injiniya wavomera: Lamlungu, 10 koloko m'mawa, patsinde pa mtengo. Sitima mawa mbandakucha, ndifike dzuwa lisanalowe, Sabata isanayambe. Loweruka lino kusunagoge akuwerenga chigawo cha Debora chomwecho. "Uvale nsapato zenizeni," ati, "ndowa unyamula ndiwe."