Nyimbo ya Jobe m'matatu a ku Donholm

Lolemba, 8 Marichi 2004

Jobe, mlongo wanga wamng'ono, wabweretsa chimbale chake. Wajambula yekha m'chipinda cha mnzake ku Buruburu, popanda kampani iliyonse. Anakhala pansi n'kumandiyang'ana kumaso mpaka chinatha.

Ndamuuza zoona. Nyimbo zachikondi zija n'zozizira, mawu ake akumira m'ng'oma. Chikuposedwa ndi sidi ina ya atsikana a ku Eastleigh imene ndinamvapo, ngakhale gitala yawo ikulira ngati chitseko. Koma pali imodzi, "Eni Siteji", yonyoza anyamata amene amaopseza madalaivala a matatu, maminibasi akuno ku Donholm mu Nairobi. Imeneyo ndi moto. Ndati, "Zinazo taya, iyi ndiye ipite kwa anthu."

Wachoka osatsanzika.

Lachisanu, 12 Marichi

Kani anandimvera. Waipereka kwa Timothy, dalaivala wa matatu amene ndimakwera popita ku ofesi. Anthu kuseka, kondakitala kumenya denga motsatira ng'oma. Mayi wina anafunsa kuti woimbayo ndani. Ndinatsala pang'ono kuimirira.

Lachiwiri, 16 Marichi



M'mawa pasiteji, nyimbo ili mkati, anyamata atatu anaima kutsogolo kwa matatu. Wa chipsera pakhosi, amene amamutcha Percy, anakuwa, "Zima!" Timothy sanachedwe kuzimitsa, koma anamukokera pawindo ndithu. Anamumenya ndi chitsulo kumutu, kenako nsapato m'nthiti. Wina anazula masipika n'kuwaphwanyira pamsewu. Magalasi anandigwera pamiyendo. Magazi a Timothy anadontha pa bulauzi yanga yoyera.

Percy anatulutsa sidi ija, n'kuyang'ana chithunzi cha Jobe chimene chinali pamwamba pake nthawi yaitali.

Lachitatu, 17 Marichi

Ndamupempha Jobe akabisale kwa abusa athu. Akuti, "Asisi, si inu munati ipite kwa anthu? Yapita."

Lachisanu, 19 Marichi

Anyamata aja amupeza Jobe masana, akutuluka kometetsa. Modesta, mnzanga wa kutchalitchi, ndiye anandiimbira ku ofesi akulira. Akuti anamugoneka chafufumimba, n'kuika dzanja lake lamanja pa mwala wa ngalande. Percy anaponda pamkono, wina n'kumatsitsa njerwa. Chala chimodzichimodzi. Anthu ogulitsa ndiwo zamasamba za sukuma anangotembenuka.

Kuchipatala nkhope sindinaizindikire. Diso limodzi latsekeka, mano akutsogolo palibe. Adokotala akuti zoti adzaimbanso gitala tisafunse kaye.

Ndinasanza pakhonde.

Loweruka, 20 Marichi

Ndamveranso chimbale chonse ndekha, motsitsa kwambiri. Zachikondi zija n'zozizirabe. Ndimafuna ndizikonde, zakanika.

Lamlungu, 21 Marichi

Kutchalitchi sindinapite. Ndinamutengera phala n'kumuuza kuti akangotuluka akwere basi, abwerere ku Zomba kwa amayi. Anapukusa mutu. Akuyankhula movutikira, mawu akutulukira m'mbali mwa bandeji.

"Muli ndi cholembera?"

Ndinati cha chiyani.

"Nyimbo ina yabwera. Ine sindingagwire. Lembani inuyo."

Ndinakana. Ndinati akufuna ndimunyamule m'bokosi? Anangondiyang'ana ndi diso lotsala lija mpaka ndinatsegula chikwama. Pepala panalibe, ndinang'amba chikuto cha paketi ya mankhwala.

Mzere woyamba ukuyamba ndi dzina la Percy.

Ndalemba.