Chitenje cha pachifuwa pa Liness

Lolemba, 3 Juni 2019

Tagwa panjinga ine ndi mkazi wanga Liness, potsetsereka popita kumsika wa Thambani. Mabuleki. Ndinkadziwa kuti mphira zake zatha, ndimati ndigula tikagulitsa manachesi. Iye anali pakeliyala, dengu pamiyendo. Ine ndangosupuka chigongono. Iye wagwera pamwala chammbali.

Kuchipatala adokotala agwiragwira, akuti yathyoka nthiti imodzi, kumanzere. Ndafunsa za chikhakha. Akuti nthiti saika chikhakha, imalumikizana yokha, masabata sikisi. Andiuza zinthu zitatu, ndalemba kuti ndisaiwale:

1. Mankhwala katatu patsiku.
2. Azikoka mpweya wambiri ndi kutsokomola, ngakhale ziwawe.
3. OSAMANGA pachifuwa. Akuti mukamanga mapapo satambasuka, makhololo amakhazikika, chibayo chimalowa.

Mwayi wake mwana, Deliwe, tinamusiya kwa agogo ake. Miyezi isanu yokha.

Lachiwiri, 4 Juni

Ndabwerako kumunda masana ndapeza Liness amumanga. Chitenje chozunguliza kawiri, mfundo ziwiri, ngakhale chala sichikulowa. Amanga ndi apongozi. Liness akuti, "Chonchi bola, abambo a Deliwe. Sizikubaya."

Ndamuwerengera nambala 3. Wangotsinzina.

Vuto ndi lakuti ine pamudzi pano ndine mkamwini. Chikwatirireni sindinayankhulanepo ndi apongozi maso ndi maso. Tikakumana panjira ine ndimapatuka, iwo amayang'ana kutchire. Mawu athu amadutsa mwa Esime, mng'ono wake wa Liness. Ndamutuma. Wabwerako akukanda m'mutu.

"Akuti mbuzi ikathyoka mwendo timamanga, nanga munthu? Akutinso womugwetsa asaphunzitse eni ake kusamala mwana."

Ndati basi?

"Alamu, mawu enawo ndawasiya panjira. Amalemera."

Lachitatu, 5 Juni

Dzulo dzuwa litalowa ndinamasula. Analira. Lero m'mawa ndili kudimba, amanganso, mfundo zitatu tsopano.

Kuyamwitsa ndiye nkhondo. Deliwe akamayamwa amaponda, ndipo amaponda pomwepo. Ndimakhala pambali nditagwira timiyendo take mpaka akhute. Kubereka sangathe. Ndabereka ndine popita kumjigo. Azimayi aseka, wina akuti, "Mwatsala n'kutuluka mkaka, achimwene." Ndatunga madzi anga ndabwerako.

Lachinayi, 6 Juni

Ndati ndimasule, wandigwira dzanja. "Chonde. Munandigwetsa kale, musandipwetekenso."

Sananene mokalipa. Bola akanakalipa.

Sindinamasule.

Lachisanu, 7 Juni

Chifuwa chikabwera amachimeza. Ndikumuona, amafinya milomo, misozi n'kutuluka, koma osatsokomola. Akupuma pamwamba pokha ngati nkhuku yomwe yathamangitsidwa. Phala wadya masipuni anayi.

Manachesi akugwa okha mumtengo. Ndatola dengu limodzi, ndampatsa woyandikana naye nyumba akandigulitsire. Wandibweretsera mphira za mabuleki. Ndaika. Ntchito ya mphindi khumi. Ndakhala pansi kuyang'ana njingayo nthawi yaitali.

Loweruka, 8 Juni

Liness thupi latentha. Akunjenjemera atafunda mabulangete awiri dzuwa likuswa mtengo.

Apongozi amufukiza masamba a bulugamu. Ine ndinali kuseli kwa nyumba kudikira atuluke, ndikumva mkazi wanga akubanika mkati. Nyumba ndinamanga ndekha, njerwa ndinaumba ndekha, koma ndaima kuseli ngati wakuba.

Atapita ndalowa. Ndatenga foni, ndawerenga kupuma kwake pa mphindi imodzi. 31. Ndawerenga kwanga. 17. Ndabwereza, 32. Esime wandipeza, akuti, "Alamu, mwayamba udokotala wa pafoni?" Ndamuonetsa manambala awiriwo. Kuseka kwatha. Wapita kukawauza amayi ake.

Yankho: ndi malungo chabe, atha. Ndipo akuti chitenje ndisachikhudze, nthiti ingasunthe n'kuboola mtima.

Lamulungu, 9 Juni

34. Makhololo atuluka pang'ono, a mtundu wa dzimbiri.

Ndatuma Esime kwa apongozi kuti mawa ndipita ndi Liness kuchipatala. Akuti pa njinga yomweyo? Ndati ndakonza. Akuti mwana wawo sakweranso chinthu chimenecho iwo ali moyo. Apa sindingawatsutse.

Kutchalitchi sindinapite. Mkaka wachepa, Deliwe walira tsiku lonse. Ndamupatsa phala lamadzimadzi ngakhale kusikelo anati mpaka miyezi isanu ndi umodzi. Nanga ndikanatani.

Ngati Liness atapita, mwanayu atsala kuno, ine ndibwerera kwathu ndi chikwama. Ndalemba zimenezi kenako ndafuna kufufuta. Zikhale.

Lolemba, 10 Juni

M'mawa milomo yake inali yotuwa. Ndamuitana kawiri asanayankhe.

Ndathamangira kumsewu, ndagwirizana ndi dalaivala wa pikiapu yonyamula manachesi kuti adikire. Pobwera ndapeza apongozi ali mkati, nsapato zawo pakhomo. Nsapato zimenezo zikakhala pakhomo ine sindilowa. Zaka ziwiri sindinalowepo.

Ndalowa.

Iwo adziphimba kumaso ndi mpango, atembenukira kukhoma. Mfundo zinali zolimba, zikhadabo zakanika. Ndatenga mpeni wothyolera manachesi ndadula. Pansi pake khungu linali ndi mizere, lonyowa, lonunkha thukuta la sabata yonse. Liness wakoka mpweya n'kukuwa.

Ndayankhula ndekha, popanda Esime. Ndati, "Amayi, ndinamugwetsa ndine, sindikukana. Koma nsalu iyi imupha. Ndikupita naye."

Ayankha akuyang'ana khoma. "Mwandilowera. Mwandiyankhula. Mwadula nsalu yanga ndi mpeni pathupi pa mwana wanga. Ankhoswe amva."

Ndati amve.

Ndamunyamula mpaka kumsewu. Dalaivala wamuika kutsogolo, ine ndi Esime ndi mwana kumbuyo pamatumba. Bampu iliyonse ndimamva kubuula kudzera pagalasi. Ku Thambani amubaya jakisoni, atitumiza kuboma. Chibayo. Adokotala a kuboma afunsa kuti anamanga ndani. Ndati tonse.

Lachiwiri, 11 Juni

Ali pa dilipi, timapaipi ta mpweya m'mphuno. Wodi ya amayi, ine ndimalowa nthawi yoona odwala yokha. Ndagona pakhonde ndi amuna ena atatu. Wina mkazi wake wamwalira m'bandakucha, anangopinda mkeka wake n'kumapita.

Masana 30. Liness wanditsegulira maso, akuti, "Mwana wadya?"

Esime wabwerera kumudzi ndi mwana, wandiimbira foni akuti amayi abwera okha kudzadikirira. Akutinso ankhoswe aitanidwa Loweruka. Amalume ake a Liness akunena kuti mkamwini wolowera apongozi ndi mpeni sanamuonepo. Ndafunsa ngati andithamangitse. Esime akuti, "Alamu, sindikudziwa." Ulendo uno sanaseke.

Lachitatu, 12 Juni

Apongozi afika ndi basi yam'mawa. Nditawaona pageti ndazungulira kuseli kwa wodi.

Nthawi yoona odwala iwo atuluka, ine ndalowa. Anamwino amukhazika tsonga, akumuuza atsokomole. Watsokomola katatu, akulira, akunditukwana pang'ono. Zatuluka zambiri. Ndawerenga kupuma kwake.

Potuluka ndapeza apongozi aima pakhomo penipeni, Deliwe ali kumsana. Popatukira panalibe. Ndayang'ana pansi. Esime kulibe, woti n'kumutuma palibe.

Ndamva akuti, "Lero wapuma kangati?"

Ndati, "24, amayi."

"Dzulo?"

"30."

Kenako amasula mwana, andipatsira m'manja, alowa mkati.

Za Loweruka sanazitchule.