Kompyuta ya Bambo Yasiya Kulankhula

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu pamodzi ndi alamu ndi mwana. Kodi msana uja unasiya kukuvutani? Kuno tikudzuka ndithu. Bambo akudya, mankhwala akumwa, mwendo wakumanja ayamba kuugwedeza pang'ono. Ine thupi lili bwino, koma mutu ndiye waima.

Musadabwe kuti ndabwerera ku pepala ndi cholembera. Foni yanu ndaimba kasanu ndi kawiri osayankhidwa. Mauthenga anga mumawerenga, ndimaona, kenako mumanditumizira kachala koloza m'mwamba. Kachala sikakonza kompyuta, achimwene. Ndiye ndati kalatayi ipite kuntchito kwanu, mwina mukaipeza pa desiki anzanu akuona, muchita manyazi n'kuitsegula.

Nkhani ndi iyi: kompyuta ya bambo yasiya kulankhula. Lero ndi tsiku la khumi ndi chimodzi.

Mukudziwa nokha kuti chiwatsekereni pakamwa sitiroko ija, pulogalamu munawapangira ndiyo yakhala lilime lawo. Akadina chithunzi cha kapu, mawu anu aja munajambula mutadzifunditsa bulangete kumutu amanena kuti akufuna madzi. Akadina china, timadziwa kuti ndi kuchimbudzi, kapena pena pake pakupweteka. Zaka ziwiri takhala tikumvana choncho.

Mu uthenga ndinakuuzani kuti yangosiya yokha. Ndinanama. Ndine ndinadina.

Kapepala kanu kakadali pamwamba pa sikirini, kaja munalemba kuti ikafunsa chilichonse ndiziyankha kuti ayi. Miyezi itatu ndakhala ndikuyankha ayi. Koma kabokosi konena kuti sisitimu yakalamba ndipo ikufunika yatsopano kankabwera tsiku ndi tsiku, n'kukhala ndendende pa chithunzi cha kuchimbudzi. Tsiku lina m'mawa ndili panja kuyanika zovala, bambo anadina, nadinanso, koma chala chawo chinkangogunda kabokosiko. Pomwe ndinkalowa zinali zitachitika kale. Ndinawasambitsa, ndinachapa zofunda, ndipo tsiku lonse sanandiyang'ane kumaso. Mtima utandipsa, ndinapita pa kompyuta paja n'kudina inde.

Inadzikonza yokha kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Itayakanso, zonse zinali zokongola, mitundu yatsopano, zilembo zoyera bwino. Ndinadina pulogalamu ya bambo, zii. Ndinadinanso, zii. Ndinatsegula kawindo kakuda kaja munandiphunzitsa, n'kulemba mawu oyambitsira. Panatsika mizere ingapo, womaliza n'kunena kuti pulogalamu ikuitana modyulo inayake koma siikuipeza.

Mawu akuti modyulo ndinali nditawamva kwa inu kamodzi kokha, muja munkati ndi tizigawo timene pulogalamu imabwereka kuti igwire ntchito. Ndinafufuza pa foni, ndinapeza lamulo loiikira, ndinalikopera chilembo ndi chilembo. Kompyuta inati modyuloyo ilimo kale. Ndinayambitsa pulogalamu, inati palibe. Ndinaikanso, inati ilimo. Ndinayambitsanso, palibe. Achimwene, munthu atamandiyankha choncho ndikanamuthira madzi otsukira mbale.

Masiku anayi ndinalimbana nazo ndekha, bambo akundiyang'ana ali pabedi. Tsiku lachisanu ndinaikulunga kompyutayo m'thaulo n'kupita nayo kwa mayi wina wokonza makompyuta, amene kashopu kake kali pakati pa wometa ndi wogulitsa zikopa za mafoni. Ndi munthu wosachedwa kuseka, koma ntchito amaidziwa.

Anandifotokozera kuti sisitimu yatsopano inabwera ndi mtundu watsopano wa chilankhulo chimene munalembera pulogalamu. Mtundu watsopanowo umafuna ma modyulo mu foda yakeyake, pamene anu onse anali mu foda ya wakale. Ndiye chifukwa chake wina ankati ilimo, wina n'kumati palibe. Anati zili ngati kusamukira nyumba ina n'kumafufuza masupuni m'kabati yatsopano, chikhalirecho anatsala m'kabati yakale.

Anaipangira pulogalamuyo malo akeake, kuti sisitimu ikadzasinthanso isadzaikhudze, ndipo anandifunsa chifukwa chake mwini wake sanachite zimenezo poyamba. Ndinati ndidzamufunsa akadzayankha foni. Anaika modyulo yoyamba, dandaulo lija linachoka, kunabwera dzina lina. Anaika yachiwiri, kunabweranso lina. Atawerenga lachitatulo anayamba kuseka mpaka wometa anasuzumira.

Anati, "Mayi, m'nkhokwe zonse za pa intaneti mulibe modyulo yotchedwa pakamwa. Imeneyi anapanga yekha mchimwene wanuyo."

Anati palibe vuto, tingoitenga mu foda yakale ija n'kuisamutsa. Anaifufuza, foda kulibe. Anafufuzanso, kenako anavula magalasi n'kundifunsa ngati pali amene anafufutapo kanthu.

Apa ndiye pali bodza langa lachiwiri, chifukwa izi sindinakuuzeni n'komwe. Tsiku lachitatu la masiku anayi aja ndinawerenga malangizo a munthu wina pa intaneti, onena kuti mitundu iwiriyo ikulimbana, ndipo wakalewo uchotsedwe wonse ndi mafoda ake. Analemba motsimikiza ngati dokotala. Ndinachotsa. Safunsa anadya phula, ndikudziwa, koma ndikanafunsa ndani poti wofunsidwayo amayankha ndi kachala?

Mayi uja anayesa kubweza zofufutidwazo masana onse. Anapeza tizidutswa topanda ntchito basi. Modyulo yanu inapita, pamodzi ndi mawu onse munajambula, chifukwa munawasunga momwemo.

Kulakwa ndalakwa, sindikukana. Koma nanunso, achimwene, chinthu chofunika chotere mungachiike m'kati mwa mafoda a sisitimu, osasiya kope, osalemba paliponse? Khalidwe lanu lija simunasiye, lobisa kiyi wa nyumba mu nsapato ya bambo n'kupita kusukulu, tonse n'kukhala panja mpaka madzulo. Mukabisa chinthu mumaganiza kuti mwachisamala.

Mayiyo anandimvera chisoni. Analemba kamodyulo kena ka dzina lomwelo, kogwiritsa ntchito mawu a makina, ndipo tinakonzanso mabatani onse amene ndinawakumbukira. Pulogalamu inatseguka. Ndinabwerera kunyumba ndikumwetulira ndekha mumsewu ngati wopenga.

Ndinaiika pa thebulo la pabedi. Bambo anadina kapu, mawu achilendo anati akufuna madzi. Kenako chala chawo chinatsika mpaka pakona yakumanzere m'munsi, n'kumasisita pamenepo, pomwe panalibe kanthu. Anasisita kanthawi, anatseka kompyutayo ndi dzanja lawo lamoyo lija, n'kutembenukira kukhoma. Chiyambire tsiku limenelo akukana kuikhudza.

Pano akafuna chinthu amagogoda supuni pa chitsulo cha bedi, ine n'kumalota. Dzulo anagogoda pafupifupi ola lathunthu. Ndinabweretsa madzi, ayi. Ndinakonza pilo, ayi. Ndinatsegula windo, ndinatseka windo, ndinabweretsa wailesi. Pomaliza ndinawakalipira, achimwene. Ndinawauza kuti makina olankhula ali pomwepo, ngati sakufuna kuwagwiritsa ntchito asandizunze. Kenako powavula sokosi ndinapeza chilonda pachidendene, chimene akhala akufuna kundiuza mwina masiku atatu. Ndinapita kubafa kukalira kuti asandione.

Ndili kubafa komweko ndi pamene ndinakumbukira chimene chinali pakona paja. Kabatani kotuwa kopanda chithunzi, kaja munayesera maikolofoni tsiku loyamba n'kuiwala kukachotsa. Ndinakuuzani kawiri kuti mukachotse chifukwa bambo amakagunda mwangozi m'mawa uliwonse. Sinali ngozi. Ankayamba ndi kameneko asanapemphe ngakhale madzi, mawu anu n'kumveka m'chipinda monse: "Bambo, mukundimva?" Iwo ankagwedeza mutu kuvomera, ine n'kumati ndi kunjenjemera kwa matenda.

Ndikudziwa kuti inu ndi bambo simunazolowere kucheza. Ali bwino ankakulankhulani ngati kapitawo, inu n'kumayankha ngati waganyu, ndipo mutachoka munati foni n'njovuta poti iwo sangayankhe. Koma munthu uyu wakhala akukuyankhani m'mawa uliwonse kwa zaka ziwiri, inu osadziwa, ine wokhala naye osaona. Tsopano ndawafufutira mawuwo ndi dzanja langa, ndipo zikundiwawa kuposa mmene ndingalembere.

Ndiye pempho langa ndi ili. Fufuzani mu laputopu yanu yakale, m'mafulashi, paliponse pamene mumabisa zinthu. Mukaipeza modyuloyo ndi mawu ake, tumizani, mayi uja wati akaiika pamalo oyenera. Mukapanda kuipeza, jambulaninso. Akuti foni yokha ikwanira, ndipo bulangete muli nalo.

Koma musadikire kuti zonsezo zitheke. Lamlungu likudzali, nthawi ya naini m'mawa, ndidzakhala nditawasambitsa ndi kuwakhazika pampando. Imbani. Foni ndidzawagwirira kukhutu ndine. Simukufunika kukonzekera nkhani, mawu ake ndi awiri omwe aja. Mukadzanditumiziranso kachala, dziwani kuti ndidzakwera basi n'kubwera kudzakuthyolani chenichenicho.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti ndikudziwa kuti si iwo amakuletsani kuyankha foni. Mwana mumupsompsone m'malo mwa azakhali ake. Mulungu akusungeni, akupatseni mphamvu pantchito, ndipo akutseguleni makutu.

Ndisanamate envulopu ndawawerengera bambo kalata yonseyi, ndi mabodza anga omwe. Ndawafunsa ngati pali choti ndiwonjezere. Atenga cholembera ndi dzanja lamanzere, achita nacho nthawi yaitali. Kadontho mukukaona pakona yakumanzere m'munsi mwa pepalali si kanga.

Ndine mlongo wanu,
uja wodina zoletsedwa